Pamene Mabanja a Miyambo Iwiri Akumana, Agonje Ndani?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kulenga, amene adatipatsa makolo osiyana ndi zilankhulo zosiyana, natisonkhanitsa pa mzere umodzi wa swala. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, ku banja lake ndi kwa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, Eid ikamayandikira mafoni amayamba kulira m'makomo mwathu. Ana athu amene ali ku Nampula, ku Beira, ku Maputo ndi ku Johannesburg amafunsa za tsiku lokumana, za mtengo wa chapa, za amene adzagule mbuzi ndi za malo ogona alendo. Nkhaniyi imayamba ndi chimwemwe. Koma pa banja limene mwana wina adakwatira kapena kukwatiwa ku mtundu wina, siichedwa kusanduka mlandu. Tikumane kuchimuna kapena kuchikazi? Tidzalankhule chilankhulo chiti? Aphike ndani, ndipo aphike chiyani? Pansi pa mafunso onsewa pagona funso limodzi lomwe timaopa kulitchula: miyambo iwiri ikakumana pa mphasa imodzi, agonje ndani?

Funsoli si lachilendo kwa ife. Nkhondo ya pakati pa 1977 ndi 1992 idathamangitsira anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri adabwerako ndi akazi, amuna ndi ana a tsidya lina la malire. Lero sukulu, usilikali ndi malonda zikupitiriza ntchito yomweyo. Mnyamata wa ku Metangula amapeza mbeta ku Inhambane, mtsikana wa ku Mandimba amakwatiwa ndi mwamuna wa ku Gaza. Ndi makomo ochepa amene sadalandirepo mkamwini kapena mtengwa wosamva chilankhulo chathu.

Tiyeni tione chimene chimachitika m'mabanja oterewa. Kwathu kuno, pakati pa Ayao, Anyanja ndi Amakua, mwana amawerengedwa ku mbumba ya mayi ake, ndipo malume ndiye nkhoswe yake. Kum'mwera kwa dziko lathu, kumene amapereka malobolo, mwana ndi wa kuchimuna. Tsono mwana wathu wamkazi akakwatiwa kum'mwera, mbali zonse ziwiri zimati mdzukuluyo ndi wathu, ndipo zimalimbirana. Mwana wathu wamwamuna akakwatira kumeneko, zimatembenuka: ife timati ana ndi a kuchikazi, akuchikazi amati ana ndi a kuchimuna, ndipo bambo akamwalira mdzukulu amatha kukhala wopanda mwini ali ndi agogo anayi amoyo. Pa zonsezi palibe amene wachita mwankhanza. Aliyense watsata zimene adapeza kwa makolo ake, koma wovutika ndi mwana.

Tikafuna kuthetsa mlandu wotere, pali njira zitatu zimene timathamangirako, ndipo zonse zili ndi chilema. Yoyamba ndi ya kuchuluka: tili kwathu, ndife ambiri, wobwera atsate zathu. Yachiwiri ndi ya chuma: amene watumiza mametikali a ulendo ndi a mbuzi ndiye alamule. Yachitatu ndiyo yoopsa kwambiri kwa ife okhulupirira, ndiyo kuveka mwambo wathu mkanjo wa chipembedzo. Mtengwa akalephera kugwada monga timagwadira kuno, timati alibe Chisilamu. Akaphika matapa m'malo mwa usipa, timayang'ana mbale ngati muli haramu. Potero timamunamizira Allah lamulo limene sadaike, ndipo timatsekera mlendo khomo lodandaulira, pakuti ndani angatsutsane ndi chimene chatchedwa chipembedzo?

Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, adatisiyira chitsanzo choyera pa kusiyanitsa ziwirizi. Mabuku a hadith a Bukhari ndi Muslim amasimba za tsiku limene m'nyumba ya mayi Maimunah mudabwera nyama yootcha ya dhabb, buluzi wamkulu wa m'chipululu wooneka ngati ng'azi. Atauzidwa kuti ndi nyama yanji, Mtumiki adabweza dzanja lake. Khalid bin Walid adafunsa ngati ili yoletsedwa, ndipo adayankhidwa kuti si yoletsedwa, kungoti sinkapezeka kwawo kwa Mtumiki ndipo mtima wake sunkaifuna. Khalid adaikokera kwa iye n'kudya, Mtumiki akuona. Taonani, abale: munthu amene mawu ake amodzi akadaletsa nyamayo kwa Asilamu onse mpaka tsiku la Kiyama adasamala kuti chimene mtima wake sudakonde asachitche lamulo la Allah. Nanga ife, amene mawu athu saletsa kanthu, timalimba mtima bwanji?

Asilamu oyamba nawonso adakumana ndi kusiyana kwa miyambo ya m'banja. Atasamuka ku Makka kupita ku Madina mu 622, adapeza kuti eni mudziwo, ma Answari, ali ndi makhalidwe ena. Umar bin Khattab, Allah asangalale naye, adasimba yekha mmene adadabwira poona akazi a ku Madina akuyankha amuna awo momasuka, chinthu chimene Akuraishi sadazolowere. Tsiku lina mayi Aisha ataperekeza mkwatibwi kwa mwamuna wa Chianswari, Mtumiki adafunsa ngati padali zosangalatsa pa ukwatiwo, chifukwa ankadziwa kuti ma Answari amakonda zimenezo. Iye adali wa ku Makka, koma adafuna kuti ukwati wa ku Madina ukome monga eni ake amaukondera. N'chifukwa chake mwa mfundo zisanu zikuluzikulu zimene maulama a fiqhi adagwirizana, imodzi ndi yakuti chizolowezi cha anthu chimalemekezedwa poweruza, malinga ngati sichikutsutsana ndi lamulo loonekera la Shariya.

Tikasefa bwino, tipeza kuti zimene chipembedzo chikulamula pa ukwati ndi zowerengeka. Pakhale kuvomera kwa mwamuna ndi mkazi, pakhale walii wa mkazi, pakhale mboni ziwiri, ndipo mkazi alandire mahari ake, amene ali chuma chake iye mwini, chosiyana ndi malobolo olandira makolo. Mwana adziwike ndi dzina la bambo ake, ndipo bamboyo amudyetse ndi kumuveka. Pa kulera mwana wamng'ono, mayi ndi akuchikazi ndiwo ali patsogolo. Choncho Shariya idapatsa mbali iliyonse gawo lake, ndipo palibe mbali imene inganene kuti mwana ndi wake yokha kapena kuti si wake konse. Zotsalazo, monga kagwadidwe, kamangidwe ka kapulana, mtundu wa ndiwo, kaya nsima ndi ya chimanga kapena ya chinangwa, zonsezo ndi mwambo. Mwambo ndi wokoma ndipo ndi wofunika kuusunga, koma munthu salowa nawo ku Moto chifukwa chousiya tsiku limodzi kuti mlendo apume.

Tsono pa za mwambo agonje ndani? Ife tikuona kuti woyamba kugonja akhale amene ali kwawo. Taganizirani mtengwa uja wa ku Inhambane atayenda masiku angapo pa msewu n'kufika pa khomo pathu. Ife tili ndi chilankhulo chathu, abale athu, khitchini yathu ndi nthabwala zathu. Iye ali ndi mwamuna wake yekha, amene nayenso watengedwa ndi amuna anzake kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Akazi akaseka, sadziwa ngati akuseka iye. Akakhala chete timati ndi wonyada, akalankhula Chipwitikizi timati akudzionetsa. Pa anthu awiri, wina atanyamula mtolo wina ali chimanjamanja, amene amapatuka m'njira ndi wopanda mtolo uja. Chimodzimodzi pano: ife tikasiya kanthu kamodzi ka mwambo wathu pa tsikulo, tatsala ndi zina zonse, pamene iye akasiya kake watsala wopanda kalikonse.

Wina anena kuti: tikamagonjera mlendo aliyense, miyambo yathu siitha kodi? Adzukulu athu sadzaiwala chilankhulo cha agogo awo? Mantha amenewa ndi oona ndipo sitikuwapeputsa. Tonse taonapo mdzukulu wobadwira ku Maputo akulephera kuyankha moni wa agogo ake, nkhalamba n'kukhetsa misozi. Koma tifunse chimene chimachititsa mwana kukonda chilankhulo. Mwana amaphunzira chilankhulo cha kumene amapita kawirikawiri, ndipo amapita kawirikawiri kumene mayi ake amalandiridwa bwino. Tikanyoza mayi pa Eid ya chaka chino, chaka chamawa adzapeza chifukwa chosabwerera, ndipo ana adzatsala naye. Khomo limene lidaumirira mwambo wonse pa tsiku limodzi limataya adzukulu a zaka makumi awiri. Amene akufuna kuti chilankhulo chake chifike kwa adzukulu ayambe wakometsa njira yobwera nayo mayi wawo.

Komabe wobwerayo nayenso ali ndi udindo wake. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma mkamwini ndi mtengwa si mame, abwera kudzakhala. Ayenera kuphunzira moni wa apongozi ake m'chilankhulo chawo, ngakhale lilime lizipunthwa. Ayenera kufunsa zimene zimalemekezedwa pa khomopo, ndi kulawa chimene wapatsidwa popanda kukwinya nkhope. Ndipo mwana wathu amene adamubweretsa asathawe ntchito yake. Iye yekha ndiye amadziwa mbali zonse ziwiri. Amuuze mkazi wake pasadakhale zimene adzapeze, awauze makolo ake zimene mkaziyo sadazolowere, ndipo atanthauzire mawu mokhulupirika, osaonjezera tsabola. Milandu yambiri ya apongozi imabadwa pa kukhala chete kwa munthu ameneyu.

Nanga pamene achibale enawo si Asilamu? Kuno ku Niassa, makamaka m'mbali mwa nyanja kumene mishoni ya Messumba idakhazikika kalekale, mabanja ambiri ali ndi Asilamu ndi Akhristu m'mimba imodzi. Asma, mwana wa Abu Bakr, adachezeredwa ku Madina ndi mayi ake amene sadalowe Chisilamu, ndipo atafunsa Mtumiki adauzidwa kuti alumikize chibale ndi mayi akewo. Pa khomo pathu sitidzaika mowa kapena nyama ya nkhumba, ndipo nthawi ya swala ikakwana tidzaimirira kukaswali. Izi ndi za chipembedzo, sitigonja nazo. Koma tiwauze alendo athu mwaulemu tsiku lisadafike, kuti asadzachite manyazi pa gulu, ndipo pamene tikuswali pakhale wowakhazika pabwino ndi kuwapatsa madzi. Kulimba pa malire a Allah sikufuna nkhope yolusa.

Pa kulimbirana adzukulu, tikumbuke zimene zidachitika m'chaka cha 7 cha Hijra, Mtumiki akutuluka mu Makka atatha Umra. Mwana wamkazi wa Hamza, amene bambo ake adaphedwa pa nkhondo ya Uhud, adawatsatira. Anthu atatu adamulimbirana: Ali ndi Jafar, amene adali abale a mwanayo kuchimuna, ndi Zaid bin Haritha, amene adalumikizidwa pa ubale ndi Hamza. Mtumiki adamupereka ku nyumba ya Jafar, chifukwa mkazi wa Jafar adali mchemwali wa mayi a mwanayo, ndipo adafotokoza kuti munthu wotero ali pa malo a mayi. Atatero adatembenukira kwa amuna atatuwo, aliyense n'kumuuza mawu omulemekeza. Chiweruzo chidayang'ana kumene mwana adzaleredwe bwino, ndipo palibe amene adachoka pa bwalo atachita manyazi. Ankhoswe athu aphunzirepo pamenepa.

Choncho tikamakonza zokumana chaka chino, tifunse mbali zonse tsiku lisadamangidwe. Ngati chaka chatha tidakumana kuchimuna, chaka chino tiganizire kuchikazi, ndipo amene ali ndi zambiri athandize ulendo wa wosowa popanda kugula nazo ulamuliro. Pa mphasa pakhale mbale imodzi ya kwawo kwa mlendo, yophika iye mwini ngati akufuna, ndipo apongozi ayambe ndiwo kulawa. Pakhale munthu wokhala pafupi naye womuuza chimene chikuseketsa anthu. Ana asafunsidwe kuti amakonda agogo ati. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Hujurat ndime 13, idatchula kudziwana kukhala cholinga cha kusiyana kwa mitundu, ndipo idaika ulemerero pa kuopa Allah. Kudziwana kumeneku kumayambira pa khomo, kwa mkamwini ndi mtengwa amene tidzadya naye pa Eid.

Tikupempha Allah kuti alunzanitse mitima ya mabanja athu, atipatse nzeru yosiyanitsa lamulo lake ndi chizolowezi chathu, ateteze apaulendo athu pa misewu ndi pa nyanja, ndipo adzukulu athu awakulitse akudziwa makomo onse awiri amene adachokera. Akhululukire makolo athu amoyo ndi amene adatsogola. Amin.