Kodi Mkango Waukazi Uli ndi Mlandu?

Pa gulu la mikango, kaya m'cigwa ca Luangwa kaya ku Serengeti, eni mudzi ndiyo yaikazi. Iyo ndi mbumba imodzi, yobadwira pomwepo ndi kukalambira pomwepo. Yamphongo ili ngati akamwini. Imalamulira zaka ziwiri kapena zitatu, kufikira ina yamphamvu itadza ndi kuipitikitsa.

Tsiku limenelo ndilo la maliro. Mafumu atsopano amapha ana oyamwa, pakuti mkango wolera sutenga bere lina kufikira patapita caka ndi theka kapena kuposerapo, ndipo mlendo alibe nthawi yodikira. Amai a ana amamenya nkhondo pamodzi, ena navulala, ena nathawa ndi ana osinkhukirapo kukakhala kwa okha. Koma ana akafa, sipapita masiku ambiri, amai aja alolana naye wakuphayo.

Kodi kumeneku ndi kuuma mtima? Munthu wofulumira kuweruza angatero. Komatu Craig Packer ndi Anne Pusey, amene anapenyetsetsa mikango ya ku Serengeti, analemba mu 1983 kuti yaikaziyo, cinkana ikwerana kawiri-kawiri ndi alendowo, imatha miyezi itatu kapena inai isanatenge bere. Iwo anaganiza kuti m'miyezi imeneyi mpamene zimadziwika ngati mafumuwo akhazikika, kapena kukubwera ena owaposa. Bere la mkango ndi la masiku ngati 110 cabe, ndipo ana obadwa pansi pa mfumu yosakhazikika amaphedwanso ndi iye wakudza pambuyo pace.